Kodi Mbuya Gwanda anatisiyira chiyani ife a ku Chigwa cha Shire?

Mwana wa ku East Bank:

Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani imene yandisowetsa mtendere chibwerereni kumudzi.

Sabata yatha ndinapita kwathu kukazonda amalume amene akuvutika ndi miyendo. Kwathu ndi kutsidya kwa Shire, cha ku Muona. Amene munapitako mukuudziwa ulendo wake. Ukatsika zitunda n'kufika pa Thabwa umatsanzikana ndi msewu waukulu, kenako umakwera kagalimoto ka matola, anthu pamwamba pa matumba, njinga pamwamba pa anthu. Tinanyamuka cha m'ma 10 m'mawa. Titadutsa pa Livunzu galimoto inatitimira mumchenga pa kamtsinje kena kouma, amuna tonse tinatsika kukakankha, amayi atakhala pamthunzi kumatiseka. Ndinafika dzuwa litapendeka, mutu uli psuu ndi fumbi ngati ndimaotcha njerwa.

M'nyumba mwa amalume, pakhoma loyang'anizana ndi khomo, pali nsalu yakale ya kampeni yokhala ndi nkhope ya a Gwanda Chakuamba. Inasuluka moti maso okha ndi amene akuonekabe bwino. Azakhali anandiuza kuti madzi atasefukira mu Januwale 2015, pothawira kumtunda ananyamula zinthu zitatu: Baibulo, yunifomu yawo ya chigwirizano ndi nsaluyo. Mbuzi ziwiri zinapita ndi madzi, nsalu inapulumuka.

Tikudya madzulo, ine pofuna kuseketsa ndinati, “Amalume, munthu uyu munamuvotera kangati, msewu n'kukhalabe mmene ulilimu?”

Anasiya mbamu m'mbale. Anandifunsa kuti ndinabadwa chaka chanji, ngati sakudziwa. Ndinati 1997. Iwo anati, “Chaka chimene madzi anadula msewu pa Mtayamoyo. Idya nsima.” Basi. Sanandiyankhulenso mpaka m'mawa, ndipo azakhali anandidzudzula kuseri kwa nkhokwe kuti Mbuya satchulidwa choncho pakhomo pano.

Tsono ine zimene ndimadziwa za a Chakuamba n'zimene timaona pa Facebook: anakhala kundende zaka 13, anasinthasintha zipani, anaimira upulezidenti kawiri osapambana, ndiye pali nkhani ya galimoto ya BMW ija. Ndikaphatikiza zonsezi sindikupeza chifukwa chimene nkhalamba yodwala miyendo, imene ikafuna kupita ku boma la kwawo ku Nsanje imayenera kuoloka Shire pa bwato, ingakwiyire mphwake chifukwa cha wandale amene anamwalira mu 2016.

Sindikufuna kunyoza maliro. Ndikufunsa moona mtima. Inu amene munaona nthawiyo ndi maso, kodi munthuyu anatichitira chiyani ife a ku Chigwa? Chilipo chimene mungandilozere ndi chala?

Mphunzitsi Wopuma, Nchalo:

Mwanawe, funso lako ndi labwino, koma unalifunsa pa nthawi ya nsima, ndipo unalifunsa moseka. Pamenepo ndiye unalakwa. Ukawapepese amalume akowo.

Ine ndili ndi zaka zopitirira 70. Ndiyambe ndi chinthu chimene anzako obadwa m'ma 90 simuchimvetsa. Pamene ndinkapita kukaphunzira zauphunzitsi, kunena kuti ndiwe Msena kunali ngati kuulula matenda. Tinkabisa chiyankhulo chathu. Tikakumana awiri a kwathu tinkayamba tayang'ana uku ndi uku tisanapatsane moni wa Chisena. Tsiku lina m'holo yodyera ndinaiwala, mnzanga atandipatsira mchere ndinati “takhuta”, tebulo lonse linafa nako kuseka, ndipo dzina limenelo linandimatirira zaka ziwiri. Ku Blantyre kunali anthu a kwathu amene anakwatira, kubereka ana, anawo n'kukula osadziwa kuti bambo awo ndi a ku Nsanje.

Ndiye pa nthawi yomweyo utsegule wailesi umve kuti mwana wa ku Nsanje ndi nduna, ndi mkulu wa chigawo chonse cha kummwera, ndi mtsogoleri wa a Payoniya, amakhala pafupi ndi Kamuzu. Anthu a ku Thyolo ndi ku Zomba amene ankatiseka aja ankaimirira iye akamalowa. Sindikudziwa ngati ungamve mmene zinkatikomera. Dzina la Mbuya linachokera m'mitima yotere.

Koma ndisakunamize ngati ndili pamsonkhano wa chipani. A Chakuamba a zaka za m'ma 70 sanali nkhosa. A Malawi Young Pioneers ankaopedwa dziko lonse, ndipo iwo ndiye anali pamwamba pawo. Inali nthawi ya makadi a chipani, yoti mayi woyembekezera ankagulira khadi mwana amene ali m'mimba. Bambo anga omwe anakhalitsidwapo padzuwa tsiku lathunthu pakhomo la msika chifukwa khadi anaiwala m'thumba la malaya ena. Sindikunena kuti anatuma anyamatawo ndi uje kapena uje. Ndikunena kuti boma limenelo a Chakuamba sanali mlendo wake, anali mmodzi wa mizati yake. Amene amawajambula ngati munthu amene anamenyera ufulu kuyambira pachiyambi akulemba mbiri ina.

Kenako ng'ona imene ankaidyetsa inawatembenukira. Mu Febuluwale 1980 anamangidwa pa mlandu wofuna kuukira boma. Mlandu unakazengedwa ku khoti la mafumu, makhoti aja amene munthu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo anagamulidwa zaka 22. Ku Chigwa kunagwa chete. Dzina lawo sitinkalitchula ngakhale m'kalasi. Ambiri kwathu ankakhulupirira, ndipo mpaka lero amakhulupirira, kuti anachita kuwatchera msampha anzawo a m'chipani momwemo amene ankaopa kuti atchuka kwambiri. Udani wawo ndi a John Tembo umene unadzaonekera poyera pambuyo pake mizu yake anthu amailoza kumeneko.

Ali m'ndende, mu Meyi 1983, kunaphedwa anthu anayi aja ku Mwanza: nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, komanso a David Chiwanga, amene anali phungu wa kwathu konkuno ku Chikwawa. Akuluakulu ankanong'onezana kuti ndende yamusunga Gwanda, akanakhala panja akanakwera nawo galimoto imeneyo.

Tsono tamvera liwiro la 1993. Pa 14 Juni tinavota pa riferendamu, nyali ya zipani zambiri inagonjetsa tambala wa chipani chimodzi. Mu Julayi a Chakuamba anatuluka, patatha zaka 13. Anayamba alowa UDF, ndipo tonse tinati n'zomveka, munthu sangabwerere kwa amene anamutsekera. Posakhalitsa tinangomva kuti abwerera ku MCP ndipo ndi mlembi wamkulu. Mu Okutobala Kamuzu anadwala n'kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg, ndipo dziko linasiyidwa m'manja mwa anthu atatu: a Chakuamba ngati wapampando, a Tembo ndi a Robson Chirwa. Munthu amene mu Juni ankadya mgaiwa wa kundende, mu Okutobala akuyendetsa dziko. Ndipo mu Disembala, iwo ali pampando womwewo, asilikali analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani. Gulu limene analilera linathera m'manja mwawo.

Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 anaima ngati wachiwiri kwa Kamuzu. Chigawo cha kummwera chinavala chikasu pafupifupi chonse, a Muluzi anapambana, koma ku Chigwa tambala analirabe. Usaganize kuti tinkakonda MCP kuposa anthu a ku Mangochi. Tinkatsata munthu. Akanaima pa chizindikiro cha mphika tikanavotera mphika.

Ndiye ukandifunsa chimene ndingakulozere ndi chala, ndilibe mlatho, ndilibe tala. Chimene ndingakuuze n'chakuti iweyo walemba pano poyera kuti ndiwe wa ku Muona osachita manyazi. Ine pa msinkhu wako sindikanatero.

NaChilobwe:

Aphunzitsi, ndawerenga zonse ndipo ndikukulemekezani, koma mwaimira pa 1994 ngati nkhani inathera pomwepo. Ndiloleni ndipitirize ine, chifukwa mbali yotsalayo ndinaiona ndili ndi mwana kumsana.

Ine si wa ku Chigwa. Ndine Mlomwe wa ku Thyolo, ndakhala ku Chilobwe kuyambira ndili mtsikana, ndimagulitsa kaunjika. Mu 2004 ndinavotera a Chakuamba. Amuna anga anavotera a Chakuamba. Mzere wathu wonse kumsika unali wa Mgwirizano. Tinali titatopa: njala ya 2002 tinaiona, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, kenako nkhani ya teremu yachitatu, kenako a Muluzi n'kutibweretsera munthu amene ambirife sitinkamudziwa. Mgwirizano unali wa zipani 7, a Chakuamba kutsogolo, a Aleke Banda wachiwiri wawo. M'tauni muno anthu ankawakonda zedi, osati Asena okha ayi.

Pa 20 Meyi ndinadzuka 4 koloko kukaima pamzere. Zotsatira zinachedwa. A Chakuamba analengeza okha kuti apambana, ife n'kuyamba kuvina. Kenako bungwe la chisankho linati wapambana ndi Bingu, a Tembo achiwiri, a Chakuamba achitatu. Blantyre inayaka. Matayala pamsewu, miyala, utsi wokhetsa misozi kulowa mpaka m'nyumba. Ine ndinatseka mawindo ndi zitenje zonyowa, mwana akutsokomola. Kwathu konkuno ku Chilobwe kamtsikana kakang'ono kanaomberedwa n'kumwalira, kamwana koti sikankadziwa n'komwe kuti Mgwirizano n'chiyani. Anthu anafa masiku amenewo chifukwa ankakhulupirira kuti voti yawo yabedwa, ndipo amene anawauza kuti yabedwa anali a Chakuamba.

Sipanathe milungu itatu. Kumayambiriro kwa Juni tinangomva pa wailesi kuti asainirana mgwirizano ndi a UDF, alowa m'boma, nkhani ya kukhoti aisiya. Ndinali ndikuchapa, ndinakhala pansi pa ndowa. Anzawo a mu Mgwirizano ena anamvera pa wailesi ngati ife tomwe. Matope a pamanda a kamwana kaja anali asanaume.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Mu Febuluwale 2005 Bingu anawapatsa unduna wa zamalimidwe. Analowa DPP n'kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri, chipani chawo cha Republican chimene anthu anachivotera n'kuchipatsa aphungu oposa khumi anafuna kuchithetsa ngati akutseka okala. Ndiye kunabwera nkhani ya BMW X5, galimoto yapamwamba imene inagulidwa ku undunawo, manyuzipepala n'kumalemba kuti ndalama zake zinali za pulojekiti ya World Bank. Chaka chimenecho, 2005, mvula inadula msanga ndipo anthu mamiliyoni ankafuna chakudya, kwawo ku Nsanje komweko anthu akukumba nyika m'madambo. Nduna ya zamalimidwe ili pa mkangano wa galimoto. Anawasamutsira ku unduna wa zamadzi ndi ulimi wothirira, mu Sepitembala anawachotsa. Atangochotsedwa, Bingu yemwe uja anasanduka woipa, anamunyoza pamsonkhano mpaka kumangidwa, n'kuyambitsa chipani china, New Republican Party. Kenako tinawaona pa nsanja imodzi ndi a Muluzi, munthu amene anati anawabera chisankho.

Ndipo chimene chinandipweteka ine pandekha: chisankho cha 2009 chisanafike anayankhula mawu pamsonkhano olimbana ndi Alomwe, mpaka nkhani inakafika kukhoti. Mkangano wawo unali ndi Bingu, koma anaphatikiza mtundu wonse, kuphatikizapo ine amene ndinadzuka 4 koloko uja. Aphunzitsi, mwanena bwino za kuwawa kwa kusekedwa chifukwa cha mtundu wako. Munthu amene anakudziwa kuwawa kumeneko ndi amene sankayenera kuyankhula zotere.

Achimwene a ku East Bank, musachite mantha ndi funso lanu. Amalume anuwo apepeseni chifukwa ndi akulu, koma funsolo musalibweze.

Wa pa Linthipe:

Mayi a ku Chilobwe, zonse mwanenazo n'zoona, palibe chimene ndingatsutse. Koma pali tsiku limodzi limene mwalidumpha, ndipo ndikulitchula ine wa ku Dedza, amene kwathu dzina la Gwanda linali lotukwanira.

Pa 4 Julayi 2002 ku nyumba ya malamulo kunabwera bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti, kuti a Muluzi aimenso. Inkafunika mavoti 128. Inapeza 125. Atatu okha. A Tembo athu anavotera kuti idutse. A Chihana, amene anayamba kulimbana ndi Kamuzu poyera mu 1992, anavotera kuti idutse, ndipo amene anaibweretsa m'nyumbamo anali phungu wa chipani chawo cha AFORD. Ndalama zinkayenda usiku, aliyense ankadziwa. A Chakuamba ndi aphungu a mbali yawo anakana. Akanangogwedeza mutu tsiku limenelo, bwenzi malire a materemu awiri tikuwawerenga m'mabuku a mbiri. Mu Okutobala chaka chomwecho anawamanga powaganizira kuti anapeka kalata yooneka ngati yasainidwa ndi a Muluzi yolonjeza ziphuphu kwa aphungu. Ndiye munthu yemweyo amene mukuti anagulika mu 2004, mu 2002 anakana kugulika pamene mtengo unali wokwera. Ine zimenezi zimandizunguza mutu mpaka lero.

Chimene ndimawadandaula nacho ine n'china. Iwo ndi a Tembo anang'amba MCP pakati ngati nsalu ya maliro. Kuchokera 1999 kunali MCP ya Gwanda ndi MCP ya Tembo, misonkhano ikuluikulu iwiri, milandu kukhoti yosatha, mpaka mu 2000 a Chakuamba anaimitsidwa ku nyumba ya malamulo a Tembo n'kutenga mpando wa mtsogoleri wa otsutsa. Mu 2003 anayesa kugwirizana, a Tembo anapambana utsogoleri wa chipani, a Chakuamba n'kukhala wachiwiri, koma sanapirire, anatuluka kukayambitsa Republican.

Tsono tawerengani nokha za 2004. Bingu anapeza mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. A Tembo ndi a Chakuamba aliyense anapeza kotala kapena kupitirirako pang'ono. Mukaphatikiza awiriwo akudutsa theka. Kubedwa kwa mavoti tingakambirane, koma chisankho chimenecho anachitaya okha madala awiriwa, tsiku limene analephera kukwera galimoto imodzi. Ndipo choseketsa n'chakuti mu 2009, a Muluzi ataletsedwa kuima, a Chakuamba anapezeka ali mbali imodzi ndi a Tembo omwewo, nthawi itatha kale.

Wophunzira Malamulo, Zomba:

Ndingowonjezera kachinthu kamodzi, poti achimwene anapempha choloza ndi chala. Ife m'kalasi dzina la Chakuamba timakumana nalo ngati dzina la mlandu.

Mu 1999 anaima pa tikiti imodzi ndi a Chihana, MCP ndi AFORD. Chisankho chinachitika pa 15 Juni. A Muluzi anapeza mavoti 52 pa 100, a Chakuamba 45. Bingu anaima nawo chaka chimenecho ndi chipani chake cha United Party ndipo anathera kumchira, osafika ngakhale voti imodzi pa 100. A Chakuamba anapita kukhoti. Mfundo ina inali yakuti malamulo aakulu a dziko amati pulezidenti asankhidwe ndi ambiri mwa ovota, ndipo iwo ankati zimenezi zikutanthauza oposa theka la onse amene analembetsa m'kaundula. Ukawerengera onse olembetsa, a Muluzi sankafika theka. Khoti la Supreme mu 2000 linakana, ndipo linapitirira kunena kuti wopambana ndi amene wangoposa anzake, ngakhale asafike theka la mavoti.

Chigamulo chimenecho ndi chimene chinalola Bingu kulowa ndi mavoti 36 pa 100 mu 2004, ndi a Peter Mutharika kulowanso ndi 36 mu 2014. Chinakhala zaka 20. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu a khoti loona za malamulo aakulu anafafaniza chisankho cha 2019 n'kunena kuti wopambana ayenera kuposa theka la mavoti oponyedwa, ndipo mu Meyi khoti la Supreme linavomereza, kusiya zimene linanena pa mlandu wa Chakuamba. Sikuti makhoti anati a Chakuamba ankalondola ayi, mfundo yawo ya olembetsa m'kaundula sinadutse ngakhale mu 2020. Koma 50+1 imene timaitchula lero, funso lake analiyambitsa kukhoti ndi iwo. Anamwalira zaka zitatu ndi miyezi ingapo chigamulocho chisanabwere.

Mphunzitsi Wopuma, Nchalo:

Mayi a ku Chilobwe, sindinaime pa 1994 chifukwa choiwala. Ndinaima chifukwa zala zinatopa, komanso, ndivomere, chifukwa zakutsogoloko zimandichititsa manyazi. Mawu aja onena Alomwe ndinawamva, ndipo mkazi wanga ndi wa ku Phalombe. Kunyumba kuno sikunaphikidwe bwino sabata imeneyo.

Pa za msewu ndiyankheko pang'ono, kuti mnyamatayu asasenzetse munthu mmodzi katundu wa anthu ambiri. Kuchokera 1994 mpaka 2004 a Chakuamba anali otsutsa boma, ndipo masiku amenewo dera lovotera otsutsa linkauzidwa poyera kuti chitukuko lichiiwale. Unduna wa 2005 unali wa miyezi 7 yokha. Ngati pali nthawi imene tingawafunse, ndi zaka za m'ma 70 pamene mawu awo ankagwedeza chigawo chonse. Ndipo pambuyo pawo Chigwa sichinasowe akuluakulu. A Sidik Mia anakhalapo nduna ya zamtengatenga ndi misewu, kangapo konse. Bingu anatitsegulira doko ku Nsanje mu Okutobala 2010, a Mugabe ndi a Rupiah Banda alipo, ife tinavina, ndipo sitima sitinaione mpaka lero. Pa Mtayamoyo pamene panaduka chaka chimene unabadwa iwe, maboma angati adutsapo?

Chimene ndaphunzira pa ukalamba uno n'chakuti tinkapereka mavoti athu kwa Mbuya ngati mtolo umodzi womangamanga, iwo n'kumapita nawo ku Lilongwe kukatsatsa. Wogula aliyense ankadziwa kuti akagwirizana ndi munthu mmodziyo watenga Chigwa chonse, ndiye panalibe chifukwa chobwera kudzatifunsa ife kuti mukufuna chiyani. Mlandu umenewo sindingaupereke kwa malemu okha. Mtolowo tinkamanga ndife.

Mwana wa ku East Bank:

Zikomo nonse. Aphunzitsi, takhuta. Mayi a ku Chilobwe, ndakumvani, funso sindinalibweze.

Dzulo madzulo ndinawaimbira amalume. Foni ndi ya azakhali, ndipo netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa nyumba, ndiye anachita kuwagwira mkono kuwakweza pamenepo. Ndinayamba ndi kupepesa. Anati zatha. Kenako ndinawawerengera zina mwa zimene mwalemba. Za “takhuta” wa m'holo yodyera anaseka mpaka kutsokomola, anati iwonso ku Limbe, pamene ankagwira ntchito yolondera, ankadzitcha wa ku Chiradzulu. Za 2002 anati eya, eya, auze amenewo. Nditafika pa za Juni 2004 anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka.

Kenako anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Anati tsiku limene anamva pa wailesi kuti Mbuya walowa m'boma, anaichotsa nsalu ija pakhoma. Sanaiwotche, mtima unakana, koma anawapatsa azakhali kuti azivundikira dengu la mpunga. Inakhala pa dengu zaka 12. Kusuluka kuja si dzuwa la kampeni, ndi dengu. Ndipo mu 2009, a Chakuamba atabwera kudzaimanso ngati phungu kwathu ku Nsanje North, amalume sanawavotere. Anagwa chaka chimenecho, pakhomo pawo penipeni. Amalume akuti anabwera kuchokera kovota n'kukagona osadya.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji azakhali anaithawitsa pa madzi a 2015, ngati inali yovundikira dengu. Azakhali anayankha chapatali kuti anathawitsa mpunga, nsaluyo inangotsatira. Amalume anati asawamvere amenewo.

Inabwerera pakhoma mu Okutobala 2016. A Chakuamba anamwalira pa 24 mwezi umenewo ku Blantyre, ndipo anakaikidwa kwawo ku Chinyanje ndi ulemu wa boma, asilikali akuomba mfuti. Amalume anapalasa njinga kupita kumaliroko, miyendo idakali yabwino. Akuti anaima kumbuyo kwenikweni, sanaone bokosi, anangoona magalimoto a akuluakulu a ku Lilongwe ali mbuu ndi fumbi la msewu wathu womwewu. Atabwerako anaichapa nsaluyo okha, osatuma munthu, n'kuikhoma ndi misomali inayi.

Ndinati, “Ndiye amalume, munawakhululukira?”

Anati, “Ndani wakuuza kuti ndinamukhululukira? Ndi wathu.”

Ndinafuna kufunsanso koma anandidula, anati mayunitsi akuthera pa nkhani za anthu akufa. Akuti nditumize mankhwala opaka aja mwezi uno usanathe, chifukwa mvula ikangoyamba magalimoto sadutsa pa Livunzu.